Tsiku Limene Thomas Woyera wa ku Aquino Adaika Cholembera Pansi



Chaka chilichonse pa 28 Januwale Mpingo umakumbukira Thomas Woyera wa ku Aquino, nkhoswe ya masukulu a Katolika ndi ya ophunzira. Ambiri timamudziwa ngati munthu wa mabuku. Pazithunzi amamujambula atanyamula buku lalikulu, ndipo aliyense amene adaphunzirako za filosofi kapena zaumulungu ku seminale adakumanapo ndi dzina lake. Koma pali chinthu china m'mbiri yake chimene sitichikamba kawirikawiri. Buku lake lalikulu koposa silidathe, ndipo si imfa imene idamudukiza. Iye mwini adaleka kulemba patatsala miyezi itatu kuti amwalire. Sabata ino tiyeni titsate moyo wake mpaka pa tsiku limenelo, kuti timve zimene mphunzitsi wamkulu wa Mpingo ankaganiza pa nzeru ndi chikondi.

Mwana amene adamukonzera mpando

Thomas adabadwa cha m'ma 1225 ku Roccasecca, pakati pa mizinda ya Rome ndi Naples, m'dziko limene lero timati Italy. Bambo ake a Landulf ndi mayi ake a Theodora adali anthu olemekezeka, okhala ndi malo komanso asilikali. Mwanayu atakwana zaka pafupifupi zisanu, adakamusiya kwa amonke a ku Monte Cassino, nyumba yotchuka imene adaiyambitsa Benedict Woyera. Makolo adali ndi cholinga: tsiku lina mwana wawo adzakhale mkulu wa nyumbayo, imene idali ndi minda yambiri ndi ulemu waukulu. Olemba mbiri yake oyambirira amasimba kuti ali mwana ankavutitsa aphunzitsi ake ndi funso limodzi, lofuna kudziwa kuti Mulungu ndi ndani kwenikweni.

Mu 1239 mkangano wa pakati pa Papa ndi mfumu Frederick II udasokoneza moyo wa ku Monte Cassino, ndipo Thomas adapita kukaphunzira ku yunivesite ya ku Naples, imene mfumuyo idaikhazikitsa mu 1224. Kumeneko adakumana ndi zinthu ziwiri zimene zidaumba moyo wake. Choyamba chidali zolemba za Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece amene adakhala ndi moyo Khristu asanabadwe. Chachiwiri chidali chipani chatsopano cha Dominic Woyera, chimene Papa Honorius III adachivomereza mu 1216. Abale a chipanichi ankalalika m'mizinda, ankayenda pansi, ndipo chakudya chawo ankachita kupempha.

Mu 1244 Thomas adavala mkanjo wawo. Kwa banja lake ichi chidali chamanyazi: mwana wa bwana asanduke wopemphapempha? Abale ake, amene adali asilikali a mfumu, adamugwira pa njira ndi kukamutsekera m'nyumba za banja kwa pafupifupi chaka chathunthu. Adamunyengerera, adamuopseza, koma iye sadasunthe, mpaka adamumasula mu 1245. Tizindikire apa kuti akadakhala kuti ankangofuna mabuku, ku Monte Cassino mabuku adaliko ambiri, pamodzi ndi mtendere wowerengera. Iye adasankha umphawi ndi ntchito yolalika kwa anthu. Chisankho chake choyamba chachikulu chidali kale cha chikondi.

Ng'ombe yosalankhula

Atamasulidwa adapita ku Paris, ndipo mu 1248 adatsagana ndi mphunzitsi wake Albert Wamkulu ku Cologne, m'dziko la Germany. Thomas adali wamkulu thupi, wofatsa, wosakonda kutsegula pakamwa m'kalasi, kotero kuti anzake adamupatsa dzina loti ng'ombe yosalankhula. Zimanenedwa kuti Albert atamva momwe mnyamatayu adayankhira funso lina lovuta, adauza ophunzirawo kuti kulira kwa ng'ombe imeneyi kudzamveka padziko lonse.

Mu 1256 adakhala mphunzitsi wamkulu wa zaumulungu ku Paris, ali ndi zaka pafupifupi 31. Kuchokera pamenepo ntchito yake idali yodabwitsa. Adaphunzitsa ku Paris, ku Orvieto, ku Rome ndi ku Naples. Adalemba zotanthauzira buku la Yobe, Mthenga Wabwino wa Mateyo ndi wa Yohane, makalata a Paulo Woyera, ndiponso mabuku a Aristotle. Amene ankakhala naye adachitira umboni kuti ankatha kuyankhula kwa alembi atatu kapena anayi nthawi imodzi, aliyense akulemba nkhani yakeyake.

Ali ku Rome, cha m'ma 1265, adayamba buku lotchedwa Summa Theologiae. M'mawu oyamba adanena kuti akulembera ongoyamba kumene maphunziro, chifukwa mabuku amene adalipo ankawasokoneza ndi mafunso ochuluka opanda dongosolo. Gawo limene adalemba yekha lili ndi mitu 512, yogawidwa m'mafunso 2,669. Pa funso lililonse amayamba wafotokoza maganizo a omutsutsa, mwachilungamo ndi mwamphamvu, kenaka n'kupereka yankho lake, pomaliza n'kuyankha wotsutsa aliyense payekha. Njira imeneyi idali ya masukulu a nthawiyo, koma Thomas ankaitsata mwaulemu wapadera. Ankaphunzitsa kuti tiyenera kukonda ngakhale anthu amene maganizo awo tawakana, chifukwa nawonso adavutikira kufunafuna choona ndipo atithandiza kuchipeza.

Munthu yemweyu adalinso wopeka nyimbo. Mu 1264 Papa Urban IV adakhazikitsa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye kuti chizichitika mu Mpingo wonse, ndipo mapemphero ndi nyimbo za tsikuli amati adazikonza ndi Thomas. Nyimbo ya Tantum Ergo, imene imaimbidwa popembedza Yesu mu Ukaristia, ndi ndime ziwiri zomaliza za nyimbo yake ya Pange Lingua. Anthu miyandamiyanda amene sadatsegulepo Summa akhala akugwada ndi mawu a Thomas pakamwa pawo.

Mtsuko ndi nyanja

Funso loti chachikulu n'chiti pakati pa nzeru ndi chikondi silidayambe ndi Thomas. Paulo Woyera adakumana nalo ku Korinto. Mumzindawo nyama yambiri ya pamsika inkachokera ku nsembe zoperekedwa kwa mafano. Akhristu ena ophunzira ankati fano si kanthu, Mulungu ndi mmodzi yekha, choncho nyamayo angathe kudya. Pa mfundo imeneyi adali olondola, ndipo Paulo sadawatsutse. Koma m'chaputala 8 cha kalata yake yoyamba kwa Akorinto adawakumbutsa za mbale amene wangotembenuka kumene, amene akaona mkhristu mnzake akudya m'nyumba ya mafano, mtima wake ungathe kubwerera ku zakale. Adawachenjeza kuti nzeru payokha imatukumula munthu, pamene chikondi chimamanga mpingo, ndipo iye mwini adati angalolere kuleka nyama kusiyana ndi kugwetsa mbale wake. Munthu angathe kukhala wolondola pa chiphunzitso, n'kuchimwira Khristu pa momwe akuchigwiritsira ntchito.

Thomas adafunsa chifukwa chake zili chomwechi, ndipo yankho lake ndi loyenera kulimvetsa pang'onopang'ono. Iye adati tikamadziwa chinthu, timachitenga n'kuchilowetsa m'maganizo mwathu, ndipo chimalowamo molingana ndi kukula kwa maganizo athuwo. Koma tikamakonda chinthu, ife ndi amene timanyamuka kupita kumene chili, n'kukachipeza monga chiliri. Choncho pa zinthu zimene zili pansi pathu, monga mwala kapena ndalama, kuzidziwa n'kwapamwamba kuposa kuzikonda. Kudziwa za ndalama sikuchepetsa munthu, koma kuzikonda kumamutsitsira pa msinkhu wa ndalamazo. Pa zimene zili pamwamba pathu zinthu zimatembenuka. Mulungu sangakwane m'mutu mwa munthu. Zimene timadziwa za Iye n'zoona, koma n'zochepa monga ife tili ochepa. Chikondi ndiye chimatikweza kufika kwa Mulungu mwini. N'chifukwa chake Thomas adanena poyera kuti kukonda Mulungu kumaposa kudziwa za Mulungu.

Taganizirani mayi amene wapita kukatunga madzi ku nyanja. Madzi amene ali mumtsuko mwake ndi a m'nyanja enieni, ndipo banja lake limwa n'kupha ludzu. Komabe wabwera ndi mtsuko umodzi, nyanja yatsala. Wina akabwera ndi ndowa yaikulu adzatunga ochulukirapo, koma nayenso nyanja aisiya pomwepo. Amene walowa m'madzimo n'kuyamba kusambira sadanyamule kanthu, koma ali m'nyanja. Nzeru zathu za Mulungu zili ngati mtsuko ndi ndowa zija. Chikondi chili ngati kulowa m'madzi.

Tisaganize kuti Thomas ankanyoza nzeru. Ankaphunzitsa, potsata Augustine Woyera, kuti palibe amene angakonde chinthu chimene sakuchidziwa n'komwe. Ankaphunzitsanso kuti chimwemwe cha Kumwamba ndi kuona Mulungu maso ndi maso, kumene kuli kudziwa kwangwiro. Koma atafunsa chifukwa chimene oyera ena adzaonere Mulungu mozama kuposa ena, sadati ndi chifukwa cha kuchenjera kwa ubongo kapena kuchuluka kwa maphunziro. Adati amene ali ndi chikondi chochuluka ndiye adzaona mozama, pakuti chikondi chimakulitsa chikhumbo, ndipo chikhumbo chimakonza mtima kuti ulandire zambiri. Kunena kwina, muyeso wa Kumwamba ndi chikondi chimene munthu adapita nacho.

M'chaka cha 1273 Thomas ankalalika kwa anthu wamba ku Naples, m'chinenero chawo osati m'Chilatini. Pofotokoza za Kumvera kwa Apostoli adanena kuti palibe katswiri wa nzeru wa nthawi ya Khristu asanabwere amene, ndi khama lake lonse, adadziwa za Mulungu ndi za moyo wosatha monga momwe gogo wosaphunzira amadziwira mwa chikhulupiriro. Mnzake wa ku Paris, Bonaventure Woyera wa chipani cha Francis, ankaganiza chimodzimodzi. Nkhani zakale za chipanicho zimasimba kuti Mbale Giles, mmodzi mwa otsatira oyamba a Francis, adamufunsa ngati munthu wosaphunzira angathe kukonda Mulungu monga wophunzira. Bonaventure adayankha kuti mayi wokalamba wosauka angathe kumukonda kuposa mphunzitsi wa zaumulungu. Awiriwa adali akatswiri akuluakulu a m'badwo wawo, ndipo onse adaloza kwa gogo wa pa benchi la kumbuyo.

Pa 6 Disembala 1273

Chakumapeto kwa 1273 Thomas ankakhala ku nyumba ya chipani chake ku Naples, akulemba gawo lachitatu la Summa. Adali atamaliza za Ukaristia ndipo adali pa sakramenti la Kulapa. Mbale wina wosamala tchalitchi adasimba kuti nthawi imeneyo adamuona akupemphera ndi misozi pamaso pa mtanda, ndipo adamva mawu ochokera pa mtandapo oti Thomas walemba bwino za Ambuye, nanga akufuna mphotho yanji. Thomas adayankha kuti safuna china chilichonse koma Ambuye okha.

Pa 6 Disembala, tsiku la Nicholas Woyera, akupereka nsembe ya Misa, china chake chidamuchitikira. Atachoka pa guwa sadaitanenso alembi ake. Adasunga zolembera zake ndipo sadazikhudzenso. Mnzake wapamtima, Reginald wa ku Piperno, amene adamutumikira zaka zambiri ngati mlembi, adadabwa ndi kumuchonderera kuti amalize ntchito yaikulu chotere. Thomas adangoti sangathe. Reginald atakakamira, adamuuza kuti zonse zimene adalemba zikuoneka kwa iye ngati mankhusu poyerekeza ndi zimene waona. Nkhaniyi idafika kwa ife kudzera mu umboni wa Bartholomew wa ku Capua, amene adauperekera ku Naples mu 1319 pofufuza za moyo wa Thomas. Akatswiri ena a mbiri amaganiza kuti thupi lake lidafooka ndi ntchito, kapena kuti adadwala matenda a mu ubongo. Ena amatsata mawu ake omwe, oti adaona. Ziwirizi zingathe kuyendera limodzi, popeza Mulungu amayankhula kawirikawiri pamene mphamvu za munthu zafika pothera.

Mawu akuti mankhusu tisawamve molakwa. Thomas sadatenthe mabuku ake, ndipo sadanene kuti adalemba zabodza. Mlimi aliyense amadziwa kuti mankhusu ali ndi ntchito. Ndi amene amaphimba ndi kuteteza njere pamene ikukula m'munda, ndipo popanda iwo mpunga sungakhwime. Koma tsiku lopuntha ndi kupeta likafika, palibe amene amatenga mankhusu kukaika mumphika. Mawu onse a Thomas adali chophimba cha njere. Ataona njereyo, chophimba chidaoneka kupepuka kwake.

Kumayambiriro kwa 1274 Papa Gregory X adamuitana ku msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Lyon, m'dziko la France, umene umodzi mwa mitu yake udali kuyanjananso ndi akhristu a Kummawa. Ngakhale adali wofooka, adamvera nanyamuka. Pa njira adagunda mutu ku nthambi ya mtengo wogwa, ndipo posakhalitsa adadwala. Adapuma kwa mdzukulu wake ku Maenza, kenaka adapempha kuti amutengere kwa amonke a ku Fossanova. Polandira Ukaristia komaliza adanena kuti kuphunzira kwake konse, kuchezera usiku, kulalika ndi kuphunzitsa, adachita chifukwa chokonda Yesu amene akumulandirayo, ndipo kuti ngati adalakwitsa penapake, zonse akuzisiya m'manja mwa Mpingo kuti ukonze. Adamwalira pa 7 Malichi 1274 asanakwanitse zaka 50. Bonaventure adamwalira ku Lyon mu Julayi chaka chomwecho.

Ulemu sudabwere msanga. Mu 1277 episkopi wa ku Paris, Étienne Tempier, adaletsa mfundo 219 zimene zinkamveka pa yunivesite, ndipo zina mwa izo zinkakhudza chiphunzitso cha Thomas. Papa John XXII adamulemba m'gulu la oyera mu 1323, ndipo mu 1325 chiletso chija chidachotsedwa pa mbali yokhudza iye. Papa Pius V adamutcha Mphunzitsi wa Mpingo mu 1567. Papa Leo XIII adalimbikitsa masukulu a Mpingo kutsata nzeru zake mu 1879, ndipo chaka chotsatira adamuika kukhala nkhoswe yawo. Summa idamalizidwa ndi ophunzira ake, amene adatola zimene iye adalemba ali wachinyamata n'kuwonjezera kumapeto. Mpingo wasunga buku losathali kwa zaka zoposa 750, pamodzi ndi nkhani ya chifukwa chimene lidalekera panjira.

Nanga ife?

Mwina wina anganene kuti, ngati zili choncho, bwanji tizivutika ndi katekisimu, ndi maphunziro a Baibulo, ndi sukulu? Wotereyu sadamumve Thomas. Munthu amene adati zolemba zake n'mankhusu adayamba wagwira ntchito zaka zoposa 20 osapuma. Waulesi alibe ufulu wonena mawu amenewo, chifukwa alibe ngakhale mankhusu oti awonetse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mkhristu amene sadziwa chikhulupiriro chake amatengeka ndi mlaliki aliyense wodutsa. Phunzirani mwakhama, funsani mafunso ovuta, werengani Malembo Oyera. Thomas yemweyo ankaphunzitsa kuti kuunikira ena kumaposa kungowala wekha, ndipo sungaunikire ena ngati m'nyali mwako mulibe mafuta.

Chofunika kuchiyang'ana ndi chimene chikutikankha kuti tidziwe. Bernard Woyera wa ku Clairvaux, wa chipani cha amonke omwe aja adalandira Thomas ku Fossanova, adasiyanitsa zolinga zingapo mu umodzi mwa maulaliki ake. Ena amaphunzira kuti angodziwa basi, ndipo kumeneko ndi kususuka kwa maganizo. Ena amaphunzira kuti atchuke, ena kuti agulitse nzeru zawo. Koma alipo amene amaphunzira kuti amange anzawo, ndipo chimenecho ndi chikondi, komanso amene amaphunzira kuti iwo eni amangike, ndipo imeneyo ndi nzeru yeniyeni. Aliyense wa ife angathe kudziyika pa sikelo imeneyi.

Mayeso ake amapezeka pa zinthu zazing'ono za pa parishi. Ku mphakati, mayi wachikulire akasokoneza dzina la mneneri pogawana Mawu, kodi timamukonza mwanjira yoti sabata yamawa adzalankhulenso, kapena mwanjira yoti aliyense adziwe kuti ife tidapita patali ndi sukulu? Pa gulu la WhatsApp, mnzathu wa mpingo wina akafunsa za Amayi Maria kapena za oyera, kodi timafuna kuti amvetse, kapena timafuna kuti achite manyazi? Thomas ankayamba wafotokoza bwino maganizo a womutsutsa asanamuyankhe, pamene ife kawirikawiri timayankha tisanamve n'komwe. M'kwaya, amene amadziwa kuwerenga manotsi amamuchitira bwanji amene amangotsata ndi khutu? Wophunzira wa ku koleji akabwera kutchuthi, kodi amathabe kugwada ndi agogo ake pa korona, kapena pemphero lawo layamba kumuchepera? Paja nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Pali chitonthozo pano kwa amene sukulu idawakanika, kaya chifukwa cha fizi, matenda kapena ntchito za pakhomo. Mphunzitsi wamkulu wa Mpingo akukuuzani kuti khomo lofikira kwa Mulungu silidatsekedwe ndi mayeso amene mudalephera. Amene amadikirira wodwala usiku wonse, amene amalera ana amasiye a mchemwali wake, amene wakhululukira mnansi amene adamulanda malire a munda, ali kale m'madzi aja. Palinso chenjezo kwa ife amene tidapatsidwa mwayi wophunzira ndi wophunzitsa. M'chaputala 25 cha Mateyo, mafunso a pa tsiku lomaliza ndi okhudza wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Palibe funso la katekisimu pamenepo, ngakhale kuti katekisimu yense adalembedwa kuti atithandize kuyankha mafunso amenewo.

Sabata ino aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene amachidziwa bwino, kaya ndi masamu, nyimbo, Malembo kapena luso la manja, ndipo akachigwiritse ntchito pothandiza munthu mmodzi amene sangamubwezere kanthu. Ndipo tikadzagwada pamaso pa Ukaristia, tikumbukire munthu amene adafunsidwa mphotho ya mabuku ake onse, iye n'kupempha Ambuye okha.

Ambuye Yesu, mutipatse mtima wofuna kukudziwani, ndipo zimene tadziwazo zisatitukumule, koma zitifikitse pokukondani Inu ndi abale athu. Thomas Woyera wa ku Aquino, mutipempherere.